Chidindo Chili Kutali, Mboni Zikukalamba

Ku Malowera malo amagulitsidwa, ndipo palibe amene amabisa. Nyengo yogulitsa fodya ikafika, ndalama zikayamba kuyenda m'manja mwa anthu, mumamva kuti uje wagula dimba la kumtsinje, uje wagula poloti pafupi ndi msika kuti amangepo golosale, winanso watenga tsala lonse la kuseri kwa phiri posinthanitsa ndi ng'ombe. Mtengo amautchula m'ndalama zathu za metical, nthawi zina m'kwacha ya Zambia, popeza malire ali pafupi ndipo malonda athu ambiri amayang'ana kumeneko. Komatu malamulo aakulu a dziko la Mozambique, pa ndime 109, amanena mosapsatira kuti nthaka ndi ya Boma, siyenera kugulitsidwa, kuikidwa chikole kapena kulandidwa chifukwa cha ngongole. Zinthu ziwirizi zimayendera limodzi chaka ndi chaka, ndipo pakati pake pamakhala kapepala.

Kapepalako ndimakadziwa bwino chifukwa ndine mmodzi wa anthu amene amapemphedwa kukalemba. Pamudzi ukakhala wodziwa Chipwitikizi, ntchito imeneyi sungaithawe. Amabwera awiri, aliyense ndi mbale wake womuperekeza, atathothola tsamba la pakati m'kope la mwana wa sukulu. "Aphunzitsi, tilembereniko declaração." Pamwamba timaika mayina ndi manambala a chiphaso cha unzika cha BI, ngati alipo. Kenaka malire: kum'mawa chulu chachikulu, kumadzulo khwawa, kumpoto munda wa akuti, kumwera njira ya ngolo. Wodziwa kusaina amasaina, wosadziwa amadinda chala, ndipo akachoka kwa ine amapita kwa anyakwawa kapena kwa mlembi wa dera kuti akaikepo chidindo. Wolipirayo amalipinda pepalalo, kulikulunga m'pulasitiki ya shuga n'kulisunga pamodzi ndi khadi la ubatizo ndi makadi a kusikelo a ana. Usiku umenewo amagona tulo tabwino, poganiza kuti mundawo ndi wake mpaka kalekale.

Ndisanagwire cholembera ndimawauza zimene pepalali lingachite ndi zimene silingachite. Lingachitire umboni kuti ndalama zinaperekedwa tsiku lakuti, pamaso pa akuti ndi akuti. Lingathandize kuti ana a mwini malo asadzakane kuti bambo awo anavomera. Koma silingasandutse nthaka kukhala katundu wa pamsika, ndipo likalembedwa kuti "ndagulitsa malo", kukhoti likhoza kungosonyeza kuti anthu awiri anapangana chinthu chimene lamulo silichizindikira. Choncho ine ndimalemba zimene zilipodi pamalopo ndipo zili ndi mwini: nyumba, chitsime, mitengo ya mango, nthochi, khola. Ena amanyinyirika, akufuna mawu akuti "malo" aoneke ndithu. Sindiwadzudzula. Munthu wapereka thukuta la chaka chonse, ayenera kufuna kugwira kanthu m'manja. Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti anthu a kwathu aika chikhulupiriro chawo chonse pa pepala lofooka, n'kumapeputsa chinthu champhamvu chimene lamulo linawapatsa kale, chomwe ndi pakamwa pa anansi awo.

Chigawo chathu cha Tete chinalawa kale kuwawa kwa zikalata za malo. M'chigwa cha Zambezi, mafumu a ku Portugal ankapereka kwa anthu awo madera aakulu otchedwa prazo, pamodzi ndi midzi ndi anthu okhalamo. Mu 1891 Britain ndi Portugal anasainirana pangano la malire, ndipo dziko la Undi, lomwe likulu lake linali ku Maano, chakumtsinje wa Kapoche, linang'ambidwa: abale ena anagwera mbali ya Angelezi, ena mbali ya Apwitikizi. Lero Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika m'boma la Katete, ndipo mafumu a kuno amaoloka malire chaka chilichonse kupita kumwambo wa Kulamba. Mu 1892 kunabadwa Companhia da Zambézia, imene inapatsidwa mphamvu pa gawo lalikulu la Tete. Zikalata zonsezo zinali ndi zidindo zokongola, koma agogo athu sanazione ndi maso. Iwo anangoona msonkho ndi chibalo. N'chifukwa chake dziko litalandira ufulu mu 1975, atsogoleri analamula kuti nthaka isakhalenso ya munthu mmodzi woti angaigulitse. Mfundo imeneyi ine ndimaiikira kumbuyo. Ndikakumbukira chilala cha 1992 ndi cha 2016, ndimadzifunsa kuti ndi mabanja angati akadatsala ndi munda zikadakhala kuti munthu wanjala angathe kuusinthanitsa ndi matumba a chimanga, wogulayo n'kutetezedwa ndi lamulo mpaka muyaya.

Lamulo la malo limene tikugwiritsa ntchito ndi la nambala 19/97, la pa 1 October 1997. Linapangidwa pambuyo pa zokambirana zambiri, momwe munali ngakhale mabungwe a alimi monga UNAC. Silipatsa munthu nthaka yeniyeniyo ayi, limamupatsa ufulu woigwiritsa ntchito ndi kupindula nayo, umene aliyense kuno amautchula kuti DUAT. Ufuluwo umabwera m'njira zitatu. Munthu kapena mudzi ungakhale nawo chifukwa chokhala pamalopo motsata mwambo wa makolo, bola mwambowo usatsutsane ndi malamulo aakulu a dziko. Nzika ya Mozambique ingakhale nawo ngati yagwiritsa ntchito malowo ndi mtima woona kwa zaka zosachepera 10. Njira yachitatu ndi yopempha ku Boma, imene amadutsamo amalonda ndi makampani. Pa njira ziwiri zoyambazo lamulo likuti kusowa kwa chikalata sikuchotsa ufulu, ndipo kusalembetsa m'kaundula sikuuchotsanso. Ndime 15 ikupitirira apo: ufulu wa malo ungatsimikizidwe ndi umboni wa pakamwa wa anthu a m'deralo, ndipo olemba lamulo anachita kutchula kuti amuna ndi akazi. Ndimabwerezabwereza ndime imeneyi kwa aliyense wofuna kumva, chifukwa ikutanthauza kuti gogo wosadziwa kulemba dzina lake, akaimirira pabwalo n'kuloza pamene panali malire, mawu ake ali ndi mphamvu pamaso pa Boma.

Ndinaziona zikugwira ntchito lamulolo lisanalembedwe n'komwe. Mayi anga aang'ono anathawa nkhondo ya pachiweniweni m'zaka za m'ma 1980, ngati anthu ambiri a m'boma lathu la Maravia, n'kukakhala ku Ukwimi, kumalo a othawa kwawo m'boma la Petauke. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo iwo anabwerera mu 1994. Anapeza mudzi uli bwinja, munda utamera tchire, ndipo mbali ina ya mundawo likulima banja lina limene linafika msanga. Analibe pepala lililonse, ngakhale chiphaso chobadwira. Zonse zinapsera m'nyumba. Nkhani inapita kubwalo la amfumu. Amene anaithetsa anali amayi achikulire, anzawo a agogo anga. Anatsogolera gulu lonse kumundako, akuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo, n'kumaloza: apa ndi pamene tinkapumira tikabwera kudima la amayi ake, apa panali nkhokwe, mtengo uwu anabzala ndi malemu atsibweni awo. Banja linalo silinathamangitsidwe. Linakolola zimene linabzala, linasiyiridwa chigawo chimene linathyola lokha m'tchire, ndipo mayi anga aang'ono anabwezeredwa munda wa amayi awo. Mpaka lero mabanja awiriwo amapalirana moto.

Amayi achikulire aja onse anatisiya. Apa ndi pamene pagona vuto. Umboni wa pakamwa umakhala ndi moyo pamene mwini pakamwayo ali moyo. Mboni zina zimamwalira, zina zinakwatiwa ku Sinda kapena ku Nyimba, zina zikukhala ku Tete ndipo sizinaponde mundawo chiyambire ubwana. Pali zinanso, tinene zoona, zimene zimasintha mawu zikagulidwira mowa. Zizindikiro za malire nazo sizikhalitsa monga kale. Mtengo umene unali pangodya unadulidwa pomanga chigafa cha fodya, chulu chinagumulidwa poumba njerwa, khwawa linapatuka ndi madzi osefukira. Anthu achuluka, matsala achepa, ndipo malo amene kale mfumu inkangopereka kwa mlendo atabwera ndi nkhuku, lero anthu akukangana pa mizere iwiri. Kulemba n'kofunika, sindikutsutsa. Funso ndi lakuti tilembe chiyani, ndipo alembe ndani.

Ndime 16 ya lamulo lija ikunena zimene zingasinthe manja. Ufulu wa malo umapita kwa olowa chuma cha masiye, popanda kusiyanitsa mwana wamwamuna ndi wamkazi. Pakati pa anthu amoyo, chimene chingaperekedwe kapena kugulitsidwa ndi nyumba, zomangamanga ndi zotukula zimene zili pamalopo, ndipo ku malo a kumudzi izi ziyenera kuchitika kudzera m'chikalata cholembedwa ndi notário, Boma litayamba lavomereza. M'matauni zinthu n'zofewerapo, popeza nyumba ikagulitsidwa ufulu wa malo umatsatira nyumbayo. Ndiye kuti wogula chigayo ndi nyumba yake kuno kwathu, ngati akufuna kuti lamulo limudziwe mokwanira, ulendo wake suthera pa chidindo cha mlembi wa dera.

Notário ndi mkulu amene Boma linamupatsa mphamvu yakuti chimene iye waona ndi kulemba chikhulupiriridwe popanda kufunsanso wina. Koma ntchito zake n'zosiyanasiyana kulemera, ndipo anthu ambiri amapusitsidwa chifukwa chosadziwa zimenezi. Akadinda pa fotokope, akungonena kuti pepala ili likufanana ndi lenileni limene waonetsedwa. Akachita reconhecimento, akungotsimikiza kuti siginecha iyi ndi ya munthu uyu. Sakunena kuti zolembedwa pamwamba pake n'zoona, sakunenanso kuti wosainayo ndi mwini wa chimene akupereka. Ndaonapo munthu akunyadira declaração yodindidwa kawiri katatu, pamene amene anamugulitsa dimbalo anali mkamwini chabe, wolima pa malo a mbumba ya mkazi wake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chikalata cholemera ndi escritura pública. Pamenepo notário amafuna ziphaso za onse awiri, amafuna mapepala osonyeza kuti wopereka alidi ndi mphamvu yopereka, amalemba m'buku lake losungidwa mu ofesi, amawerenga mokweza pamaso pawo ndi kuwafotokozera tanthauzo lake asanasaine. Wosamva Chipwitikizi ayenera kukhala ndi womasulira. Pepala lanu likapsa kapena kudyedwa ndi chiswe, mumakatenga lina, chifukwa mawu enieniwo ali m'buku. Imeneyi ndi ntchito yabwino, ntchito yoteteza wofooka kwa wochenjera. Chisoni n'chakuti wofookayo ndi amene sangaifikire.

Malowera ndi posto, ndiye kuti kachigawo ka boma la Maravia, koma likulu la bomalo lili ku Fingoè, ndipo nkhani za kaundula wa nyumba ndi za oyeza malo zimakafika mpaka mumzinda wa Tete. Amene anayendapo msewu wa Bene, Fingoè mpaka Zumbo nthawi ya dzinja akudziwa zimene ndikunena. Ulendo wotere suyenda munthu mmodzi. Pamafunika wopereka, wolandira, mwina ndi mboni, ndipo aliyense akwere, adye, agone. Mukafika n'kuuzidwa kuti pakusowa pepala limodzi, mubwerere kumudzi mukabwerenso. Powerengetsa zonse, ndalama za ulendo zimatha kuposa mtengo wa nyumba ya udzu imene mukufuna kulembetsa. Munthu wanzeru zake amasankha tsamba la m'kope. Amene amati anthu a kumudzi sakonda kutsata malamulo ayambe awerengera mtunda.

Ndipo pakhomo la notário sulowa wopanda BI, pamene BI nayo imafuna kuti kubadwa kwako kukhale kolembedwa. Nkhondo inawononga mabuku ambiri a kalembera m'maboma a kumidzi. Pali anthu aakulu lero, a ana awo, amene anabadwira ku Ukwimi kapena m'midzi ya achibale ku Zambia ndipo sanalembedwe mbali iliyonse ya malire. Pali amayi amene khadi lokha limene ali nalo ndi lovotera. Palinso mayina olembedwa mosiyana: Mwale pa pepala ili, Muale pa linalo, Sakala apa, Sacala apo, malinga ndi khutu la mlembi wa tsikulo. Kumudzi tonse tikudziwa kuti ndi munthu mmodzi, koma mu ofesi chilembo chimodzi chimaimitsa nkhani yonse mpaka chikonzedwe.

Kulemera kwa zonsezi kumaonekera pa maliro. Mwambo wathu Achewa ndi womveka: munda ndi wa mbumba, umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa ana ake, mwini mbumba ndiye woyang'anira, ndipo mkamwini amalima pa malo a kwa mkazi wake. Kale katundu wa mwamuna, monga ng'ombe, mfuti kapena njinga, ankapita kwa abale ake ndi ana a alongo ake. Mwambowo unali ndi nzeru zake pa nthawi imene mkazi ndi ana ankatsala pamudzi pawo, pa munda wawo, pakati pa atsibweni awo. Koma ndalama za fodya zabweretsa chuma cha mtundu wina: nyumba ya njerwa zootcha ndi malata pafupi ndi msika, chigayo, ngolo, njinga yamoto, zonse zili pa malo amene si a mbumba ya mwamuna kapena ya mkazi. Ndinakhalapo pa zokambirana za pambuyo pa maliro pamene mchimwene wa malemu anati, "Alamu, mwatisungira bwino m'bale wathu, koma katunduyu ndi wa kwathu." Mayi wamasiyeyo anayankha ali chogwada, mawu ali pansi, "Alamu, dothi la njerwa izi ndinaponda ndine, fodya amene anagula malata awa ndinasoka ndine. Ana awa mukuti akagone kuti?" Pabwalo panakhala bata, chifukwa aliyense ankadziwa kuti akunena zoona.

Lamulo lili kumbali ya mayi ameneyo. Lamulo la chuma cha masiye la 2019, nambala 23/2019, linaika mkazi kapena mwamuna wotsala pa mzere woyamba pamodzi ndi ana. Lamulo la banja la chaka chomwecho limazindikira anthu amene akhala limodzi ngati banja kwa zaka zoposa 3, ngakhale sanakalembetse ukwati. Koma kuti nyumba kapena ndalama za kubanki zituluke m'dzina la malemu, pamafunika chikalata chotchedwa habilitação de herdeiros, chonena kuti olowa chuma ndi akuti ndi akuti ndipo palibenso ena. Chimenechi chimafuna chiphaso cha imfa, pomwe ambiri kuno amamwalirira pakhomo n'kuikidwa mawa lake popanda wolemba. Chimafuna ziphaso zobadwira za ana. Ndipo taonani, chimafunanso anthu odalirika oti akaime pamaso pa notário n'kunena kuti banjali tikulidziwa. Ngakhale pamwamba penipeni pa zikalata, Boma limabwereranso kwa mboni. Kwa wosauka kuli thandizo la maloya laulere la IPAJ, bungwe la Boma limene linakhazikitsidwa mu 1994, ndipo kuli makhoti a m'midzi amene lamulo la 1992 linawakhazikitsa kuti aziyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono. Amayi amasiye ambiri amene ndayankhula nawo sanamvepo za IPAJ.

Maganizo anga pa nkhaniyi sindibisa. Munda wa makolo ukhale wa mbumba, ndipo mwini mbumba apitirize kuuyang'anira, chifukwa ndi umene umalandira mwana wamkazi ukwati ukatha, ndi umene umalandira mdzukulu wobwerera kuchokera kutauni wopanda kanthu. Koma chimene mwamuna ndi mkazi anapeza ndi manja awo ndi cha wotsalayo ndi ana. Kulanda chuma chotere si mwambo, ndi umbombo wobisala kuseri kwa mwambo.

Abale athu a kunja nawo amalira ndi nkhani zomwezi. Mnyamata ali ku Johannesburg kapena ku Lusaka, amatumiza ndalama pafoni mwezi ndi mwezi kuti mkulu wake amupezere poloti n'kumumangira nyumba. Pepala limalembedwa m'dzina la amene alipo, popeza ndiye angadinde chala. Zaka zikapita, mwini ndalama amabwera n'kupeza kuti ndi mlendo m'nyumba yake, ndipo umboni wake wonse ndi mauthenga a pa WhatsApp a mufoni imene inatayika kalekale. Njira yake ilipo. Ku ofesi ya kazembe wa Mozambique ku Lusaka, kapena ku ofesi ya konsulo ku Johannesburg, munthu angathe kulembetsa procuração, kalata yopatsa wina mphamvu yomuimira. Kalatayo inene mwatchutchutchu kuti mphamvuyo ndi yochitira chiyani ndipo nyumbayo ikhale m'dzina la yani. Ena amaopa kuti kupempha zotere n'kusonyeza kusakhulupirira m'bale. Ine ndaona ubale wambiri ukutha chifukwa chosalemba kusiyana ndi umene unatha chifukwa cholemba.

Ndiye pali alendo aakulu, obwera ndi galimoto ndi mapu. Maravia ali ndi golide, ali ndi mitengo ya matabwa, ndipo maso a anthu akutali ali pa ife. Lamulo likuti Boma lisanapereke DUAT kwa wopempha, anthu a m'deralo afunsidwe ngati malowo alibe eni, ndipo zokambiranazo zilembedwe n'kusainidwa. Pepala limenelo ndi lolemera kuposa ma declaração onse a m'mudzi kuwaphatikiza. Zimene zinachitika ku Moatize tonse tinazimva. M'zaka za 2009 ndi 2010 kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 kuti ikumbe malasha, ndipo ambiri anapititsidwa ku Cateme, kutali ndi msika ndi mtsinje umene ankadalira. Mu January 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka, nthaka yosabereka ndi malonjezo osakwaniritsidwa, ndipo chaka chomwecho Boma linatulutsa malamulo atsopano a kasamutsidwe ka anthu. Phunziro limene ine ndinatolapo ndi lakuti lonjezo la pamsonkhano liyenera kulowa m'chikalata, ndi tsiku lake, ndi dzina la wolonjeza, ndipo chikalatacho chiwerengedwe m'Chichewa pamaso pa onse munthu asanadinde chala. Pepala lozungulira pamsonkhano loti "lembani mayina a amene mwabwera" lifunsidwe bwino kuti likupita kuti. Lamulo limalolanso mudzi wonse kuyendera malire ake pamodzi ndi midzi yoyandikana nayo, kuphatikizapo manda, dambwe, msitu ndi madambo odyetsera ziweto, n'kulandira chiphaso cha mudzi. Mudzi umene wachita zimenezi umakambirana ndi mlendo uli chilili.

Anansi athu akulimbana ndi funso lomweli m'njira zawo. Ku Zambia lamulo la 1995 limalola kuti malo a makolo asandutsidwe a lendi ya zaka 99 mfumu ikavomera, ndipo akatero amachoka m'manja mwa mudzi. Mafumu ena a ku Chipata ndi Petauke anayamba kupereka ziphaso zawozawo za malo a makolo kuti anthu akhale ndi chogwira popanda kutaya ufumu. Ku Malawi lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsa minda ya mabanja. Kuno Boma linayambitsa ndondomeko ya Terra Segura mu 2015, ndi cholinga cholembetsa malo okwana 5 miliyoni, ndipo mu 2022 linavomereza mfundo zatsopano zoyendetsera malo, zomwe zinatsegula zokambirana zosintha lamulo la 1997. Kulembetsa ndikukufuna, koma ndili ndi nkhawa imodzi yaikulu. Mlembi akafika pakhomo n'kufunsa kuti "mutu wa banja ndani", amene amaimirira ndi mwamuna, ndipo dzina lake ndilo limalowa pa chikalata cha munda umene ndi wa mkazi wake, wa apongozi ake ndi wa ana a mbumbayo. Cholembera chikhoza kuchita tsiku limodzi chimene nkhondo inalephera: kuchotsa nthaka m'manja mwa amayi a Chichewa. Lamulo limalola kuti mayina angapo alembedwe pa chikalata chimodzi. Mwayi umenewo ugwiritsidwe ntchito, ndipo aliyense wosintha lamulo asakhudze ndime imene imalemekeza umboni wa amuna ndi akazi a m'mudzi.

Kwa akuluakulu a Boma pempho langa ndi lapafupi. Timaona magulu a kalembera wa chisankho akufika mpaka kumidzi ya kumalire, ndi makina awo ojambulira, ndipo timaona a katemera akufika. Notário ndi olemba za kubadwa ndi imfa nawonso angathe kumabwera ku Malowera pa masiku odziwika, makamaka anthu akatha kukolola misewu ikauma, masikuwo n'kulengezedwa pawailesi ndi m'matchalitchi, mitengo ya ntchito iliyonse n'kumatidwa pakhoma, ndipo pakhale munthu womasulira m'Chichewa amene si m'bale wa mbali iliyonse.

Kwa inu anzanga a kuno, musadikire mkangano. Chilimwe chino tengani agogo amene akadali ndi mphamvu zoyenda, tengani atsibweni, azakhali ndi eni minda yoyandikana nanu, muyendere malire onse pamodzi ana akuona. Zimene mwagwirizana zilembedwe, m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, mayina a amayi akhalepo, amfumu asunge pepala lawo ndi inu lanu. Mwana akabadwa kamulembetseni, munthu akamwalira kalembetseni imfa yake ngakhale mtima uli wosweka. Ndipo wina akakubweretserani pepala loti mudinde chala, muuzeni ayambe wakuwerengerani lonse m'chilankhulo chanu, pamaso pa mboni imene mwasankha nokha.